Njanji ya pa Chipoka ndi Nkhondo ya ku Mozambique

Ife a pa Chipoka nkhondo ya ku Mozambique tidaimvera pa njanji. Pofika 1984 katundu adaleka kubwera kuchokera ku doko la Nacala, ndipo mu 1987 asilikali athu adapita kukalondera njirayo; ena sadabwereko. Otsata sosholizimu ankati asilikali a Zimbabwe ndi Tanzania, othandiza FRELIMO, ndi abale, koma South Africa, wodyetsa RENAMO, ndiye wolowerera za eni. Kapena adanenadi zoona. Komabe mai wothawa ku Tete, mwana kumbuyo, sankafunsa kuti chipolopolo n'cha yani. Alendo amene adathandiza kuzimitsa motowo, a Sant'Egidio, adalibe mfuti. Pamodzi ndi Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira adakhazika adaniwo pansi ku Roma, mpaka adasainirana mtendere pa 4 Okutobala 1992.