Mbuna za M'miyala ya Nyanja ndi Thanki Yagalasi

M'masitolo ogulitsa nsomba zokongoletsa m'nyumba, kaya ndi ku Johannesburg, ku London kapena ku Berlin, sipamalephera kupezeka thanki yagalasi yolembedwa dzina lakuti Malawi. M'katimo mumayandama tinsomba tachikasu, tabuluu ndi tamizeremizere. Atonga a ku Nkhata Bay amatitcha mbuna, ndipo dzinali lidayenda nato mpaka kutsidya kwa nyanja zamchere.

Asayansi a ku Ulaya adayamba kulemba za nsomba za m'nyanja yathu mu 1864, pamene Albert Günther adafotokoza nsomba zimene John Kirk adatolera pa ulendo wa David Livingstone. Mu 1935 Ethelwynn Trewavas adasanja mitundu yambiri ya banja la chambo ndi mbuna. Koma amene adaziona zili zamoyo m'malo mwake ndi Geoffrey Fryer, yemwe adagwira ntchito ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950. Iye adaonetsa kuti mbuna zimakhala m'miyala, zambiri zimapala ndere pamatanthwe, ndipo sizikonda kudutsa pamchenga kapena pamadzi akuya. N'chifukwa chake chilumba chilichonse, ngakhale thanthwe limodzi, chikhoza kukhala ndi mtundu wakewake.

Malonda otumiza nsombazi kunja zili zamoyo adakula m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Wodziwika kwambiri pa ntchitoyi adali Stuart Grant, yemwe adakhazikika ku Kambiri Point kufupi ndi Senga Bay m'boma la Salima mpaka imfa yake mu 2007. Nsomba ina yam'nyanjamo imatchedwa Aulonocara stuartgranti pomulemekeza.

Malondawa adasiyanso chipsera. M'zaka za m'ma 1960, nsomba zogwidwa kumpoto kwa nyanja zidatayidwa pachilumba cha Thumbi West, ku Cape Maclear. Pakati pake padali mtundu wa Cynotilapia afra. Alendowa adaswana, nafalikira, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2004 adapeza kuti adasakanikirana magazi ndi Metriaclima zebra ya pamalopo. Pomwe boma limakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndi pomwe UNESCO imaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, madzi adali atatayika kale. Nsomba yoponyedwa m'nyanja saibweza.

Amene akufuna kuika thanki yaikulu m'nyumba mwake ali ndi zophunzira pa mbiri imeneyi. Choyamba ndi kutsanzira nyanja. Mbuna zimafuna thanki yotalika mamita 1.2 kapena kuposa, mchenga pansi, ndi miyala yosanjikizana yokhala ndi mphako zobisalamo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero thanki ya malita 400 pamodzi ndi miyala yake imafuna choikapo cholimba. Madzi akhale ofunda madigiri 24 mpaka 28, ndipo pH yake ikhale pafupi ndi 8 monga m'nyanjamo. Musathamangire kuikamo nsomba tsiku lomwelo: sefa ya madzi imafuna masabata anayi kapena asanu ndi limodzi kuti tizilombo tosungunula zonyansa za nsomba tikhazikike.

Chachiwiri ndi kusankha. Mbuna yaimuna imateteza mphako yake mwankhanza, choncho yaimuna imodzi ikhale ndi zazikazi zitatu kapena zinayi. Woyamba kumene angayambe ndi Labidochromis caeruleus yachikasu, yomwe si yandewu kwenikweni. Zodya ndere musazizoloweze zakudya zanyama, chifukwa zimatupa mimba n'kufa. Ndipo mitundu yofanana maonekedwe musaiphatikize, poti zidzachitika za ku Thumbi West: yaikazi idzafungatira mazira m'kamwa kwa masabata pafupifupi atatu, n'kulavula ana osadziwika mtundu. Ana otere akalowa m'manja mwa ogula ena, mtundu weniweni umasowa.

Nsomba zambiri zogulitsidwa lero zimaswanira m'matanki ndi m'maiwe akunja, ndipo sizinalawepo madzi a Nyanja ya Malawi. Komabe mukamagula, funsani dzina la nsombayo ndi dera limene makolo ake adachokera. Ndipo ikakutopetsani, ipatseni mnzanu woweta. Musaitaye mumtsinje kapena m'damu.