Nyerere, agalu a ku Toronto ndi mphaka wathu

Zoti mphaka wathu Bwanamkubwa akudwala zinayamba kudziwa ndi nyerere. Kuseri kwa khitchini, pamchenga pamene amakodza, zinkaunjikana ngati pagwa chikhambi cha mzimbe. Iye ankamwa madzi osalekeza, kudya kwake kwa phwando, koma nthiti zikuwerengeka. Ndinamuika m'katoni n'kukwera naye minibasi pa Boma mpaka ku Blantyre. Dokotala wa ziweto atamuyeza magazi anati ndi shuga, ndipo azibayidwa insulin kawiri pa tsiku.

Nditafika kunyumba amayi anandiyang'ana nthawi yaitali. "Shuga? Chona? Iwe, sukulu ija inakuwononga mutu." Yankho ndinalibe, ndiye usiku umenewo ndinangoti ndiwerenge kumene mankhwalawa anachokera.

Ndinapeza kuti nyerere zija ntchitoyi zinaiyamba kalekale. Asing'anga akale a ku India ankaona zikuthamangira mkodzo wa odwala ena, ndipo nthendayi anaitcha madhumeha, kutanthauza mkodzo wa uchi. Mu 1776 Matthew Dobson wa ku Liverpool anaumitsa mkodzo wa wodwala, pansi panatsala zotsekemera ngati shuga. Koma gwero la vutoli linadziwika kudzera mwa galu. Mu 1889 ku Strasbourg, Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anachotsa kapamba wa galu, chiwalo chimene azungu amati pancreas, ndipo galuyo anayamba kukodza pafupipafupi mkodzo wodzaza shuga.

Kudziwa gwero sikunachize munthu. Cha m'ma 1910 chithandizo chotchuka chinali cha Frederick Allen wa ku America, chomwe kwenikweni chinali njala. Ana ankapatsidwa chakudya chochepetsetsa kuti akhaleko miyezi ina, ndipo ena ankafa ndi njalayo shuga asanawamalize.

Kenako mu May 1921 Frederick Banting ndi wophunzira Charles Best anayamba kafukufuku pa yunivesite ya Toronto, mu labotale ya John Macleod. Apa mpamene ndinakhalitsa, foni ili m'manja. Agalu awo oyamba ambiri anafa ndi mabala a opaleshoni m'chipinda chotentha, mpaka anyamatawo ankagula agalu ena m'misewu. Galu wamkazi wotchedwa Marjorie anakhala moyo masiku pafupifupi 70 wopanda kapamba, akudalira jakisoni. James Collip anayeretsa mankhwalawo kuchokera ku kapamba wa ng'ombe. Pa 11 January 1922 mnyamata Leonard Thompson anabayidwa koyamba, sizinayende. Pa 23 January anabayidwa oyeretsedwa bwino aja, shuga wake n'kutsika. Mu 1923 Banting, Best ndi Collip anagulitsa umwini wa insulin ku yunivesite pa dola imodzi aliyense. Kwa zaka pafupifupi 60 anthu ankadalira insulin ya ng'ombe ndi nkhumba, mpaka mu 1982 pamene Humulin, yopangidwa ndi tizilombo m'fakitale, inavomerezedwa.

Ndiye mmawa mwake ndinawauza amayi kuti mankhwalawa tinabwereka kwa nyama. Anati, "Kangongole kakeko ukabweze wekha."

Ndikubwezadi, ndipo n'kovuta. Bwanamkubwa anakulira mkute wa nsima wothira msuzi, ndipo chimenecho ndiye choyamba chimene dokotala analetsa. Mphaka ndi wodya nyama, zaufa zimakweza shuga wake msanga. Pano amadya matemba a ku Chilwa, amene ndimaviika kaye kuti mchere uchoke, nthawi zina dzira lowiritsa kapena zam'kati za nkhuku. Amadya 6 koloko mmawa ndi 6 koloko madzulo, ndipo jakisoni amabwera akadya, pakhungu la kumsana. Akakana kudya sindibaya ndisanaimbire dokotala, chifukwa shuga akatsikitsa amapha msanga kuposa akakwera. Kabotolo ka uchi kali pawindo, kopaka m'nkhama ngati atayamba kudzandira. Insulin imafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndiye magetsi akathima kabotolo kamalowa mumtsuko wa mchenga wonyowa, pafupi ndi wa madzi akumwa.

Nzeru ya mtsukoyo si yanga. Anandiphunzitsa ndi bambo ena oyandikana nafe, amene akhala akudzibaya okha kwa zaka zambiri. Miyezi ina ndalama ya thiransipoti yokatengera mankhwala imawasowa, ndiye amachepetsa mlingo kuti kabotolo kafike kutali. Amene anagulitsa umwini pa dola imodzi aja ankafuna kuti zoterezi zisamachitike. Tsiku limene ankandionetsa kathiridwe ka madzi pamchenga, ndinachita manyazi kuwauza kuti kabotolo kangako n'ka mphaka. Anali atadziwa kale, pa Boma nkhani sizigona.

"Mwanawe, singano usamabwereze kwambiri, imabuntha," anatero. Anawerama n'kumusisita Bwanamkubwa kukhutu. "Awanso ndi anzanga tsopano."

Mwezi uno thiransipoti yawo ndalipira ndine. Amayi sanayankhulepo, koma dzulo ndinawapeza akuviika matemba.