Nkhotakota, Doko la Jumbe

Inu a ku Edingeni, mukatsikira kunyanja ndi kufika ku Nkhotakota, muyende pansi, pakuti mbiri ya mudziwu iri m'njira zace. Yambani padoko. Pamenepa Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, ankakweza akapolo ndi minyanga m'zombo kuolokera tsidya lija, ulendo wa ku Kilwa. Ambiri sanaonenso kwao.

Pocoka kumadzi mudzapeza mkuyu umene anthu amati David Livingstone anakhala patsinde pace podandaulira Jumbe za malonda oipawo. Pafupi pali chalichi ca All Saints, kumene anaika Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja m'caka ca 1895.

Ngakhale mpunga umene mudzadye kumeneko unafala m'masiku a Jumbe. Poudya, kumbukirani amene anatengedwa aja.