Ana a ku Livingstone ndi Tchire Lowazungulira

Tauni ya Livingstone ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo mu Marichi ndi Epulo, Zambezi akadzaza, nthunzi ya mathithiwo imaonekera m'tauni momwemo ngati utsi wa lupsa. Komabe kwa zaka zambiri sizinali zachilendo kuti mwana wobadwira m'komboni ya Maramba kapena ya Libuyu akule mpaka kumera ndevu asanakaimepo pamphepete pa phompho la mathithiwo, pomwe alendo ochokera kutsidya kwa nyanja ankafikapo tsiku ndi tsiku. Mpata umenewu uli ndi chiyambi chake, ndipo ntchito youtseka nayo ili ndi mbiri yake.

Tauni isanabadwe, derali linali la Aleya a mfumu Mukuni, omwe mathithiwo amawatcha Shungu Namutitima. Dzina la Mosi-oa-Tunya, lotanthauza utsi wogunda, linabwera ndi Amakololo, ndipo la Victoria Falls analipereka ndi David Livingstone atafikapo mu Novembala 1855. Mwana wa Mleya sankafunika kumutengera kutchire, chifukwa tchire ndilo linali bwalo lake. Poweta mbuzi, potola nkhuni ndi potsatira akulu kumtsinje, ankadziwa dooko lomwe kuli ng'ona, chipatso chodyedwa ndi chakupha, komanso mphepo yoyenera kuitsata akakumana ndi njovu. Malo ena a pamathithi anali opatulika, ndipo miyambo yake ankaiyang'anira ndi mayi waudindo wotchedwa Bedyango, udindo womwe ulipo mpaka lero.

Azungu oyamba anakhala pa Old Drift, pomwe ankaolokera mtsinje, koma malungo anawapulula. Mlatho wa njanji utatha mu 1905, anasamukira pamtunda wamchenga pomwe pali tauni lero. Kuyambira 1911 mpaka 1935 Livingstone inali likulu la Northern Rhodesia. Njanji, maofesi a boma ndi kampani yocheka matabwa a mukusi ya Zambezi Sawmills zinakoka anthu amitundumitundu: Alozi ochokera kumtunda kwa mtsinje, Atonga, Abemba, olankhula Chinyanja ochokera ku Fort Jameson (lero Chipata) ndi ku Nyasaland, amalonda achimwenye ndi Ayuda ochokera ku Ulaya. Apa ndi pomwe panadukira ulusi. Bambo wochokera ku Chipata kapena ku Dedza ankadziwa mitengo ndi mbalame zakwawo, koma mwana wake anabadwira mu komboni, padothi lachilendo, pomwe mtengo womwewo unali ndi maina atatu kapena anayi ndipo panalibe agogo oti amuuze ntchito yake. Malamulo a atsamunda anawonjezera: kusaka kunafuna chiphaso ndi mfuti yolembetsa, motero munthu wakuda wotchera msampha anasanduka wakuba nyama, ndipo mahotela ndi malo opumulira a m'mphepete mwa mtsinje anakonzedwera azungu. Ngakhale gulu la masikauti linagawidwa potengera khungu, anyamata achikuda n'kupatsidwa lawolawo lotchedwa Pathfinders.

Khomo loyamba linatseguka kudzera m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, yomwe inayamba mu 1934 n'kulowa m'nyumba yake yamakono mu 1951. Nyumbayi, Livingstone Museum, ndi yakale komanso yaikulu kuposa zonse m'Zambia, ndipo ili pakati pa tauni, poti mphunzitsi akhoza kuyenda wapansi ndi kalasi lake lonse. Ana ambiri a m'tauniyi anaonera m'menemo nyama zoumika, mafupa, njoka ndi tizilombo asanazione zamoyo. Katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark, yemwe anatsogolera nyumbayi mpaka 1961, anafufuza zida zamiyala za anthu akalekale m'dera la mathithi, ndipo kanyumba koonetsera zinthu komwe kali pafupi ndi khomo la mathithiwo kanamangidwa pamwamba pa dzenje lofukulidwa.

Kusintha kwenikweni kunabwera ufulu utapezeka. Bungwe lomwe linayamba mu 1953 ngati la alenje achizungu, Game Preservation and Hunting Association, linasintha dzina ndi cholinga mpaka kukhala Wildlife Conservation Society of Zambia, ndipo lero limadziwika kuti Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia. Atsogoleri ake anaona kuti nyama sizingatetezedwe ndi mfuti za alonda zokha ngati eni dziko aziona kuti ndi chuma cha alendo. Ku Kenya makalabu a ana okonda zachilengedwe anali atayamba kale mu 1968, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Zambia inayambitsa ake, otchedwa Chongololo. Chongololo ndi kachilombo kamiyendo yambirimbiri komwe ku Malawi amati bongololo. Dzinali analisankha mwanzeru. Mkango ndi njovu zimafuna galimoto ndi ndalama kuti mwana akazione, koma bongololo amatuluka yekha mvula yoyamba ikagwa, kuseri kwa kalasi, ku Dambwa ngakhale ku Highlands, ndipo mwana wa mtundu uliwonse anamugwirapo ndi kamtengo n'kumuona akudzipinda. Phunziro linkayambira pa chinthu chomwe mwana ali nacho kale pakhomo.

Kalabu inkakumana sukulu ikaweruka, motsogozedwa ndi mphunzitsi wodzipereka. Bungwe linkatumiza magazini ya Chongololo yokhala ndi zithunzi, nthano ndi mafunso, pamodzi ndi kabuku kothandiza mphunzitsiyo. Ana ankabzala mitengo, kutola zinyalala, kujambula mbalame ndi kuphunzira mapazi a nyama. Mu 1978 panayamba pulogalamu ya pa wailesi, Chongololo Club of the Air, yomwe inafika m'nyumba za makolo omwe sankawerenga magazini, ndipo mu 1990 ntchitoyi inalandira mphoto ya Global 500 yochokera ku nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe. A kusekondale anapatsidwa makalabu awo otchedwa Chipembele, dzina lomwe linadza ndi chisoni, pakuti m'zaka zomwezo opha nyama mozemba ankamaliza chipembere chakuda m'dziko lonse. Ku Malawi ntchito yofanana nayo imayendetsedwa ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi.

Ana a ku Livingstone anali ndi mwayi womwe anzawo a ku Kitwe kapena ku Lusaka analibe. Paki ya Mosi-oa-Tunya, yomwe inakhazikitsidwa mu 1972 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 66 okha, imayambira pomwe pathera nyumba. Muli mbidzi, njati, nyamalikiti ndi zipembere zoyera zochokera ku South Africa, zomwe alonda amfuti amazitsata usana ndi usiku. Koma nyengo inali yoipa. Malire ndi Rhodesia anatsekedwa mu 1973, nkhondo inali tsidya lina la mtsinje, ndipo kenako mafakitale a m'tauni anagwa limodzilimodzi. Kalabu yopanda ndalama ya basi inkathera pabwalo la sukulu, ndipo mphunzitsi wokonda ntchitoyo akasamutsidwa, kalabu inkafa naye.

Mathithi analowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1989, ndipo kuyambira cha m'ma 2000 ntchito zokopa alendo zinakula kwambiri mbali ya Zambia. Malo ogona alendo ena anayamba kuthandiza masukulu oyandikana nawo. Sukulu ya Tujatane inatsegulidwa mu 1996 pafupi ndi malo ogona alendo a Tongabezi, ndipo pulogalamu ya Children in the Wilderness, yomwe inayamba ku Botswana mu 2001, imayendetsa makalabu m'masukulu ndi kutengera ana kukagona masiku angapo m'misasa yomwe nthawi zonse mumagona alendo olipira madola. Bungwe la National Heritage Conservation Commission, lomwe limayang'anira mathithi, limalipiritsa nzika ndalama yochepa poyerekeza ndi alendo. Chofooka cha thandizo lotere n'chakuti limatsata mtsinje: sukulu yoyandikana ndi malo ogona alendo imapeza abwenzi msanga kusiyana ndi sukulu yodzaza ana pakati pa komboni.

Masiku ano tchire likubwera lokha kwa ana. Livingstone ili m'dera la KAZA, lomwe Angola, Botswana, Namibia, Zambia ndi Zimbabwe anasainirana mu 2011 kuti nyama ziziyenda momasuka kudutsa malire, ndipo tauni yakula n'kumanga panjira zakale za njovu. M'chilimwe, Zambezi akaphwa, njovu zimaoloka n'kulowa m'madera ngati Nakatindi ndi Linda kufuna mango ndi ndiwo za m'madimba, ndipo anthu ena afa nazo. Motero phunziro la zachilengedwe laphatikizapo zinthu zofanana ndi zomwe mwana wa Mleya ankazidziwa kalekale: kusaigenda njovu, kusaithamangira pofuna kuijambula pa foni, kusayandikira yomwe ili ndi mwana, ndi kudikira kuti kuche bwino asananyamuke kupita kusukulu m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala.