Chamba chamakolo cha ku Malawi

Chamba chamakolo ndi mtundu wa chamba umene alimi akhala akusunga mbewu yake okha kwa mibadwo yambiri mpaka unazolowera nthaka ndi nyengo ya kumaloko. Cha ku Malawi chimadziwika kunja ndi dzina loti Malawi Gold, ndipo chimalimidwa kwambiri m'maboma a Nkhotakota ndi Mzimba.

Maonekedwe ndi nyengo

Chambachi chimatalika, chili ndi masamba owonda ndipo chimachedwa kukhwima. Chimakula ndi mvula ya dzinja, ya pakati pa Novembala ndi Epulo, n'kukhwima mvula ikamatha. Popeza alimi ambiri sathirira, mbewu imene imasungidwa chaka ndi chaka ndi ya mitengo imene yapirira ng'amba. Mitundu ina yozolowera nyengo youma imapezeka ku Afghanistan ndi m'mapiri a Rif ku Morocco, kumene chamba chotchedwa beldia chimafuna madzi ochepa kusiyana ndi cha haibulidi.

Kufunika kwake popanga mbewu

Akatswiri opanga mbewu amakwatitsa mitundu yamakolo ndi ina kuti apeze mbewu yopirira chilala, matenda ndi tizilombo. Ulimi wa tiyi umapereka chitsanzo cha phindu la ntchito yotere. M'maesiteti a ku Thyolo, kumene mvula imachepa kusiyana ndi ku Mulanje, tiyi amavutika m'chilimwe. Bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, lomwe lili ku Mimosa m'boma la Mulanje, lakhala likusankha ndi kukwatitsa tiyi woyenera nyengo yotereyi. Tiyi wa SFS 150, amene anasankhidwa m'minda yakale ya m'Malawi, amadziwika mpaka ku Kenya ndi ku Tanzania chifukwa chopirira chilala.

Malamulo

Mu February 2020, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, lolola kulima chamba chopangira mankhwala ndi katundu wa m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso cha Cannabis Regulatory Authority. Lamuloli linadza pambuyo pa kafukufuku amene anachitika ku Chitedze pa mbewu zochokera kunja. Kusuta chamba n'koletsedwabe.

Chiopsezo

Mungu wa chamba umauluka ndi mphepo mtunda wautali. Mbewu yakunja ikadzalidwa pafupi ndi yamakolo, ziwirizi zimasakanikirana, ndipo makhalidwe amene anatenga mibadwo kuti akhazikike angathe kusokonekera m'zaka zochepa. Ku Morocco, haibulidi analanda malo a beldia m'minda yambiri. Vuto lina ndi la umwini: mbewu zotchedwa Malawi Gold zimagulitsidwa ndi makampani a ku Ulaya ndi ku America, pamene Pangano la Nagoya la 2010, lomwe Malawi analowamo, limafuna kuti dziko lochokera mbewu lizilandirako phindu lake.