Lilongwe: Mzinda wa Manambala ndi Midzi ya Maina

Nkhani ya Naboti ambiri a ife tinaimva tikadali ana. Ili m'Buku Loyamba la Mafumu, mutu 21. Naboti anali ndi munda wamphesa pafupi ndi nyumba ya mfumu Ahabu, ndipo mfumuyo inaukhumbira kuti idzalemo ndiwo zamasamba. Tikamaifotokoza nkhaniyi kwa ana a katekisimu timathamangira ku mapeto ake, kumene Yezebele akonza mboni zonama ndipo Naboti aphedwa ndi miyala. Timaiwala kuti poyamba mfumu inabwera mwaulemu ndithu, ngati munthu wofuna malonda: inalonjeza munda wina woposa uja, kapena ndalama zokwanira. Naboti anakana chifukwa munda uja unali cholowa cha makolo ake, ndipo cholowa sichiyezedwa pa sikelo ya kumsika.

Lero tikumbutsane mbiri ya mzinda wa Lilongwe. Sindikunena kuti amene anamanga likulu lathu anali Ahabu, iyayi. Dziko lililonse liyenera kukhala ndi likulu. Koma likulu silimangidwa m'malere, limamangidwa pa nthaka, ndipo nthaka ya kuno kwathu sisowa mwini. Nchifukwa chake mbiri ya mzinda uwu ili ndi mbali ziwiri: mbali ya amene anajambula mapu, ndi mbali ya amene mapuwo anawagwera.

Lilongwe wakale anali kaboma kakang'ono. Atsamunda anayamba kukhazikitsa ofesi yao m'dziko la mfumu Njewa m'chaka cha 1902, ndipo pofika 1904 boma linali litakhazikika m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. Amwenye amalonda anatsatira natsegula masitolo ao. Ansembe a chipani cha White Fathers anamanga mishoni ya Likuni m'chaka cha 1903, kotero kuti Eklezia ndi tauniyi anakulira limodzi ngati ana a m'nyumba zoyandikana. Chimene chinapatsa malowa moyo ndi fodya, amene anafala m'chigawo chapakati kuyambira zaka za m'ma 1920. M'chaka cha 1947 Lilongwe anapatsidwa dzina la tauni, komabe pa kalembera wa 1966 anthu ake sanafike ndi 20,000 omwe. Msika, boma, chipatala ndi masitolo, zonsezi munthu ankazizungulira wapansi dzuwa lisanafike pamutu. Kunja kwa kampanda kameneko kunali midzi ya Achewa, minda ya chimanga ndi mtedza, madambo odyetserako ng'ombe, ndiponso timisitu ta manda.

Maganizo osamutsa likulu kuchoka ku Zomba anali a Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene ankanena kuti anawalota ali m'ndende ku Gwelo, kumene anatsekeredwa mu 1959. Zifukwa zake zinali zomveka. Zomba ali kumwera, wopanikizika m'tsinde mwa phiri, ndipo chuma chonse cha dziko chinali chitaunjikana m'chigawo chimenecho, pamene chigawo chapakati ndi chakumpoto zinali kumbuyo. Boma la Britain linakana kuthandiza ntchitoyi poiona ngati yoononga ndalama. Amene anavomera ndi boma la South Africa, limene mu 1968 linapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation, limene anthu ankangolitchula kuti CCDC, ndipo mapu oyamba a mzinda anajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa komweko. Mu 1975 Lilongwe anakhala likulu la Malaŵi. Nyumba ya Malamulo inatsalira ku Zomba kufikira 1994.

Tsono tiime pang'ono pa mapu aja, pakuti ndiwo amene akulamulira miyendo ya anthu mpaka lero. Ojambula anafuna mzinda wotakasuka, wa mitengo ndi maluwa, wa misewu yotambalala. Sanafune kukulitsa tauni yakale. Anasiya mtunda wa makilomita angapo namanga Capital Hill ndi City Centre kumpoto, ndipo pakati anasiyapo nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Mafakitale anawaika ku Kanengo, kutali ndithu, ndipo bwalo la ndege, limene linatsegulidwa mu 1983, analiika kufupi ndi Lumbadzi. Malo onse anawagawa m'zigawo nawapatsa manambala. Akuluakulu ndi akazembe anapatsidwa mapuloti akuluakulu ku Area 10, Area 12 ndi Area 43. A ntchito za boma apakatikati anapita ku Area 18. Anthu wamba anawasonyeza malo akutali monga Area 25. Manambalawo sanatsate kayalidwe ka malo, nchifukwa chake mlendo amasokonezeka poona kuti Area 18 ndi Area 47 ali pafupi pamene Area 24 ndi Area 25 atalikirana ngati kum'mawa ndi kumadzulo.

Mzinda wotere ndi wokoma kwa munthu wa galimoto. Nanga mu 1975 anthu a galimoto analipo angati? Mesenjala wa ku Capital Hill, mlonda wa ku City Centre, mayi wosesa m'maofesi, onsewa anapeza kuti mapu awaika kumalire, ndipo mtunda umene wojambula anaudumpha ndi pensulo iwo ankauyeza ndi mapazi m'mawa ndi madzulo. Anthu ophunzira akhala akunena kuti kagawidwe kameneka kanatengera nzeru za dziko limene ojambulawo anachokera, kumene munthu wakuda ankaloledwa kugwira ntchito m'tauni koma osagonamo. Kuno kwathu lamulo silinalekanitse anthu potsata khungu, koma thumba linachita ntchito yomweyo mwakachetechete.

Ndipo pamene pali maofesi ndi nyumba zokongolazo panali midzi. Boma litatenga malowo, eni ake anawerengeredwa nyumba ndi mitengo, napatsidwa chipukuta misozi, nauzidwa kuti asamuke. Ena analowa m'mapuloti atsopano nasanduka anthu a m'tauni mosakonzekera, ena anakapempha malo kwa mafumu a kutali. Panthawi imeneyo kunalibe wotsutsa mawu a boma, ndipo ambiri ankanyadiradi kuti likulu labwera kwao. Komabe taganizani, abale anga, zimene sizilowa m'kaundula wa chipukuta misozi. Nyumba ya zidina imawerengeka, mtengo wa mango umawerengeka. Koma munda umene mbumba yakhala ikulandizana kuchokera kwa agogo aakazi, bwalo limene milandu inkaweruzidwapo, dziwe limene atsikana ankatungako madzi, nanga zimenezi mtengo wake ndi ndalama zingati? Mfumu imene anthu ake abalalika imatsala ndi dzina lokha. Mwini mbumba amene alongo ake apatsidwa mapuloti m'zigawo zitatu zosiyana sangayang'anirenso ana ao monga mwambo ufunira. Manda okha ndiwo kawirikawiri anaopedwa, ndipo mpaka lero mukamayenda mu mzindawu mumaona timisitu tobiriwira pakati pa mipanda ya njerwa. Ndi pamene pagona eni nthaka. Apa ndi pamene mawu a Naboti amamvekera bwino: malo ena atha kuperekedwa, ngakhale oposa oyamba, koma sakhala cholowa.

Pamene ena ankachoka, ena ankafika, ndipo ofikawo anali ochuluka kuposa mmene aliyense anayembekezera. Ntchito yomanga inaitana amisiri, akalipentala, oumba njerwa ndi onyamula matope kuchokera ku Dowa, ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mzimba ndi kumwera komwe. Pa kalembera wa 1977 mzinda unali ndi anthu pafupifupi 99,000. Mu 1987 anapitirira 223,000. Boma linakonzera anthu wamba malo amene munthu ankapatsidwa puloti yopimidwa, msewu wafumbi ndi mpopi wogawana, kenaka nkudzimangira yekha nyumba monga mwa mphamvu zake. Nzeru imeneyi inali yabwino ndithu, ndipo mabanja ambiri a ku Kawale, ku Chilinde ndi ku Area 25 alera ana ao pa mapuloti otero. Koma mapuloti sanakwane. Munthu ankalembetsa dzina nadikira zaka, chonsecho mvula siidikira. Motero anthu anachita zimene makolo ao ankachita: anapita kwa nyakwawa ya mudzi wa m'malire nakapempha pomanga.

Umu ndi mmene munakulira Chinsapo pa msewu wa ku Likuni, Mtandire pafupi ndi Area 47, Mgona pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo, ndi Kauma kuseri kwa nyumba za akuluakulu. Taonani kuti uliwonse wa midzi imeneyi watsamira pa malo a ntchito. Wophika ndi mlonda wa ku Area 47 amagona ku Mtandire. Wonyamula mabelo a fodya ku Kanengo amagona ku Mgona. Mapu anawaiwala, koma mzinda sungathe kukhala tsiku limodzi popanda iwo. Taonaninso kuti ngakhale malowa ali ndi manambala m'mabuku a khonsolo, palibe amene amawatchula ndi nambala. Kumene anthu anadzimangira okha kunatsala maina.

Nanga Eklezia anali kuti pa zonsezi? Mu 1972 Ambuye Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, analowa m'malo mwa Ambuye Joseph Fady kukhala Episkopi wa Lilongwe. Anapeza dayosizi yozolowera moyo wa mishoni ndi nthambi zake, kumene wansembe amabwera pa njinga yamoto kamodzi pa miyezi ingapo ndipo Akhristu amadikira. Kuyambira 1973 mpaka 1975, zaka zomwezo zimene maofesi ankasamuka ku Zomba, iwo anachititsa sinodi imene inafunsa maganizo a Akhristu wamba kuyambira m'midzi. Chipatso chake chachikulu chinali miphakati: mabanja oyandikana asonkhane okha, awerenge Mawu a Mulungu, ayendere odwala, aphunzitse ana, ndipo adziwe kuti Eklezia ndi iwo amene. Mu 1976 maepiskopi a m'bungwe la AMECEA anagwirizana kuti njira imeneyi ikhale patsogolo m'maiko ao onse.

Miphakati siinapangidwire tauni yokha, koma m'tauni ndi mmene phindu lake linaonekera msanga. Kumudzi maliro akagwa aliyense amadziwa ntchito yake: alipo okauza mfumu, alipo adzukulu, alipo amayi ophika. Nanga Mtumbuka wa lendi ku Chilinde, amene woyandikana naye ndi Mlomwe ndipo mwini nyumba ndi Mchewa, mwana wake akamwalira usiku agogoda pa khomo la yani? Mphakati unayankha funso limenelo. Unasonkhetsa ufa ndi nkhuni, unagona pa siwa, unapeza thabwa la bokosi, unaperekeza mtembo kumudzi kapena kukapempha malo ku manda. Unakhala ankhoswe kwa achinyamata amene amalume ao anali kutali. Anthu amene nambala ya puloti inangowayandikizitsa anasanduka anansi enieni, ndipo ntchito imeneyi sinalembedwe pa mapu alionse.

Sizinayende mosalala. M'masiku a chipani chimodzi, anthu osonkhana m'nyumba popanda tcheyamani wa chipani ankakayikiridwa, ndipo ena anakanena kuti Episkopi akuyambitsa timagulu ta ndale. Mu 1976 Ambuye Kalilombe anakakamizika kutuluka m'dziko, ndipo mu 1979 anatula pansi udindo wao. Ambuye Matthias Chimole ndiwo anatenga mpando. Ambuye Kalilombe anakhala zaka zambiri kunja, makamaka ku Birmingham, nabwerera kwao ulamuliro utasintha, ndipo anamwalira mu 2012. Miphakati inapitirira.

Bungwe la CCDC linathetsedwa mu 1984, koma mzinda sunaleke kukula. Pa kalembera wa 2008 Lilongwe anaposa Blantyre, ndipo mu 2018 anthu ake anali pafupifupi 989,000. Bungwe la UN-Habitat linalemba mu 2011 kuti mwa anthu anayi alionse a mu mzindawu, atatu amakhala m'malo omangidwa popanda mapu a boma. Malo abwino atatha, anthu anatsikira m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje, ndipo mu 2017 madzi a Lingadzi anasefukira nagwetsa nyumba ku Mtandire. Kusamuka nakonso kwasintha maonekedwe. Kale kunkabwera ndi kalata ya boma. Masiku ano nthawi zambiri kumabwera ndi munthu wa galimoto amene wakonda puloti ya mayi wamasiye, kapena ndi msewu umene ukukulitsidwa. Mwini puloti akagulitsa, mpanda wautali umazungulira pamene panali mabanja asanu a lendi, ndipo asanuwo amakweza katundu pa ngolo kunka kumalire atsopano, kumene nyakwawa ina yayamba kudula minda ya anthu ake kukhala mapuloti. Adzukulu a amene anasamutsidwa m'zaka za m'ma 1970 ena a iwo ndiwo akugulitsa lero, ndipo ndalamazo sizichedwa kutha.

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati mukuzidziwa zimenezi kuposa ine, pakuti ndinu amene mumafufuta maina m'kaundula chaka ndi chaka. Pa malonda a puloti, ngakhalenso pa chipukuta misozi, amene amawerengedwa ndi mwini malo ndi mwini nyumba. Banja la lendi, ngakhale litakhala pamalopo zaka 20, kubatiza ana ake onse m'parishi yomweyo ndi kuika awiri m'manda a pafupi, silipezeka pa pepala la wogula kapena la wogulitsa. Nthawi zambiri buku lokha limene linalemba kuti banja limeneli linakhalapo pamenepo ndi kabuku ka mlembi wa mphakati, ndipo banjalo likasamuka, kalata yoliperekeza ku parishi yatsopano imachokera m'manja mwanu.