Aphunzitsi a Zapakhomo ndi Zipangizo Zatsopano

Lero tikambe za aphunzitsi amene aphunzitsa ana athu kuphika, kusoka ndi kusamala pakhomo. Bwanji ena a iwo agwiritsa nchito foni ndi kompyuta, ena ai? Mbiri yakale itiyankha.

M'chaka cha 1929 Boma linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi. Aphunzitsi anali kupita ndi akazi ao, ndipo akaziwo anali kuphunzira ukhondo, kusoka ndi kulera ana, kuti pobwerera akaphunzitse anzao. Pambuyo pake mafumunso anaitanidwa kukaphunzira, pakuti zinaoneka kuti nzeru yatsopano siikhazikika m'mudzi ngati mfumu siiibvomera.

M'chaka cha 1949 kunabwera wailesi yonga sefuliya, yochedwa Saucepan Special, ya mtengo wa mapaundi 5, yomvera nyumba ya mphepo ya ku Lusaka. Inafala msanga chifukwa inali yochipa ndipo inali kuyendera batire. Komabe batire ikatha, wailesi inali kungokhala chete pa thandala.

Mafoni a m'manja analowa m'Malawi mu 1995. Mu Marichi 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha matenda a Covid-19, ndipo maphunziro ena anaperekedwa pa wailesi ndi pa intaneti. Apa mpamene bvuto linaonekera poyera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa nyumba 10 zilizonse, pafupifupi imodzi yokha ndiyo inali ndi magetsi. Tsono mphunzitsi wa kumudzi akadachajira kuti kompyuta?

Chotero zinthu zake nzomwe zija zakale: mtengo wa chipangizo ndi wa intaneti, moto wochiyendetsera, maphunziro a mphunzitsi mwini wake, ndi chilimbikitso cha akulu. Ndiponso phunziro ili nlamanja. Kanema wa pa foni angathe kuonetsa kakonzedwe ka phala la soya, kapena magulu 6 a zakudya, koma mwana sadziwa kufikira atagwira yekha mthiko.

Inu mafumu, pa msonkhano wa komiti ya sukulu funsani ngati mphunzitsi ali ndi pochajira, ndipo kambiranani za sola. Inu alimi, perekani soya, mtedza ndi ndiwo zamasamba kuti ana ayesere zimene aona. Mutu umodzi susenza denga. Tsalani bwino.